Ulendo wa ku Doha: chikho chilipo, nanga osewera ali kuti?

Munthu wochokera ku Lilongwe akafuna kukafika ku Doha, likulu la dziko la Qatar, amakwera ndege pa bwalo la Kamuzu, kukatsika ku Addis Ababa, n'kukweranso ina yodutsa pamwamba pa nyanja ndi chipululu cha Arabia. Ndiyo njira imene ndinadzera mu Febuluwale 2025 popita kukaonera Qatar ExxonMobil Open, mpikisano wa tenesi wa amuna umene umachitika chaka ndi chaka pa mabwalo olimba a Khalifa International Tennis and Squash Complex. Chimene chinandikokera kumeneko ndi funso limene limavutitsa aliyense wotsata masewero m'mayiko athu ano: kodi dziko likaitanitsa akatswiri a dziko lonse kuti adzasewere pakhomo pake, ndiye kuti lakweza masewerowo? Akuluakulu a zamasewero amakonda kuyankha kuti inde, chifukwa mpikisano umaoneka ndi maso, umajambulidwa pa kanema, ndipo nduna imapeza podulira riboni. Doha ndi malo abwino oyeserapo yankho limenelo, popeza kumeneko ndalama si nkhani ndipo mpikisanowo watha zaka zoposa 30. Zimene ndinaona, pamodzi ndi zimene mbiri ya mpikisanowu imanena, zandifikitsa pa mfundo imodzi. Mpikisano ndi msika, ndipo msika, ngakhale ukule bwanji, sulima chimanga. Umangosonkhanitsa zimene zinalimidwa kwina. Qatar yamanga msika wapamwamba wa tenesi ndipo iyenera kuyamikiridwa pa ntchitoyo, koma munda wa tenesi ilibe.

Kuti mpikisanowu umveke bwino, munthu ayambe waona mzinda wake. Ndege imatera pa bwalo la Hamad, limene linatsegulidwa mu 2014 m'mphepete mwa nyanja, ndipo wochokera kwathu kuno amakankhira wotchi yake patsogolo ndi ola limodzi. Kuchokera pamenepo, sitima yapansi pa nthaka yopanda woyendetsa, imene inayamba ntchito mu 2019, imalowa mumzinda mpaka ku West Bay, kumene nyumba zosanja zagalasi zaima mothinana moyang'ana nyanja. Msewu wa Corniche umakhota motsata gombe mtunda wa makilomita pafupifupi 7, ndipo pamadzipo pamayandama zombo zamatabwa za mtundu umene makolo a anthu a kumeneko ankapitira kukasaka ngale pansi pa nyanja. Ngale ndiyo inali chuma cha Qatar mpaka m'ma 1930, pamene ngale zochita kuweta za ku Japan zinagwetsa malondawo, umphawi n'kulowa m'dziko. Mafuta anayamba kugulitsidwa kunja mu 1949. Ufulu wodzilamulira kuchoka m'manja mwa Britain unabwera mu 1971, ndipo chaka chomwecho kunapezeka gasi wochuluka pansi pa nyanja chakumpoto. Dzikolo ndi laling'ono, moti m'Malawi likhoza kulowamo kakhumi. Anthu okhalamo ndi pafupifupi 3 miliyoni, koma eni nthaka ndi ochepa zedi, pafupifupi mmodzi pa anthu 10 aliwonse. Ena onsewo ndi obwera kudzagwira ntchito kuchokera ku India, Nepal, Bangladesh, Philippines, Egypt, Kenya, Uganda ndi kwina, ndipo ndi iwo amene mlendo amakumana nawo m'takisi, pageti ndi m'hotela. Dziko laling'ono chonchi, lopanikizika pakati pa Saudi Arabia ndi Iran, lili ndi chifukwa chomveka chofunira kuti dzina lake lizimveka kutali, ndipo masewero ndi imodzi mwa njira zimene linasankha.

Mabwalo a Khalifa ali chapafupi ndi West Bay, ndipo lalikulu mwa iwo limalowa anthu pafupifupi 7,000. Bwalo lolimba amalimanga pa konkire kapena phula, pamwamba pake n'kupakapo mobwerezabwereza utoto wapadera wosakaniza ndi mchenga. Mchenga ukachuluka, mpira umagwira pansi, liwiro lake n'kuchepa, n'kudumpha kwambiri. Ukachepa, mpira umatsetsereka n'kuthamanga. Ubwino wa bwalo lotere ndi woti mpira umadumpha mofanana paliponse, ndipo silifuna kuthirira ndi kutchetcha monga kapinga wa ku Wimbledon, kapena kusesa ndi kunyowetsa monga dothi la ku Paris. Kuipa kwake kumamveka m'mawondo, m'akakolo ndi mumsana mwa wosewera. Wokhala pampando wapafupi amamva nsapato zikulira kuti tswi! tswi! munthu akaima mwadzidzidzi kuti abwerere kumene wachokera. Mipira amaisintha pakatha magemu 7 oyamba, kenako pa magemu 9 aliwonse, chifukwa mchenga uja umanyankhalitsa ubweya wake. N'chifukwa chake woyambitsa pointi amatenga mipira itatu kapena inayi, n'kuiyang'anitsitsa m'dzanja, kubweza yofutukuka ubweya n'kusunga yosalala imene imathamanga. Amapatsidwa masekondi 25 okha kuti ayambe pointi ina. Kuyambira 2025, anthu oyang'anira mizere anachotsedwa m'mipikisano ya bungwe la ATP, ndipo mpira ukatuluka amanena ndi makina oyendera makamera. Masewero amayamba masana n'kupitirira mpaka usiku pansi pa magetsi. Dzuwa la Febuluwale likalowa kumeneko kumazizira ndithu, ndipo mphepo yochokera kunyanja imasokoneza mpira umene wosewera waponya m'mwamba kuti aumenye. Fainolo imachitika Loweruka, popeza masiku opuma kumeneko ndi Lachisanu ndi Loweruka.

Wopambana amalandira chikho chopangidwa ngati kabawi wagolide, ndipo amene wayenda mu msika wakale wa Souq Waqif amadziwa chifukwa chake. Kumeneko kuli gawo logulitsa akabawi osakira nyama, amene amaima pa timitengo atavekedwa tizipewa tachikopa tophimba maso, ndipo pafupi pomwepo pali chipatala cha mbalamezo. Mayina a anthu amene ananyamulapo kabawi wagolideyo ndiwo umboni woyamba wa kulimba kwa mpikisanowu. Unayamba mu Januwale 1993, pamene Boris Becker anagonjetsa Goran Ivanišević mu fainolo. Stefan Edberg anapambana mu 1994 ndi 1995, Roger Federer mu 2005, 2006 ndi 2011, Andy Murray mu 2008 ndi 2009, Rafael Nadal mu 2014, ndipo Novak Djokovic mu 2016 ndi 2017. Federer atakhala kunja kwa bwalo kupitirira chaka chifukwa cha maopaleshoni a bondo, anasankha Doha kuti ayambirenso kusewera mu Malichi 2021. Kwa zaka zambiri mpikisanowu unali pa mlingo wa ATP 250, kutanthauza kuti wopambana ankapeza mapointi 250 pa mndandanda wa osewera a dziko lonse, koma osewerawo anauvotera kangapo kuti ndiwo wokonzedwa bwino koposa pa mlingo umenewo. Mu 2025 unakwezedwa kufika pa ATP 500, pamodzi ndi wa ku Dallas ndi wa ku Munich. Chaka chimenecho Djokovic anatulutsidwa ndi Matteo Berrettini m'ndime yoyamba, Carlos Alcaraz anagwa m'manja mwa Jiří Lehečka mu kotafainolo, ndipo Andrey Rublev wa ku Russia, amene anapambananso mu 2020, anagonjetsa Jack Draper wa ku Britain 7-5, 5-7, 6-1 mu fainolo. Palibe wotsata tenesi amene anganene kuti umenewu ndi mpikisano wachibwana.

Ena anganene kuti palibe chodabwitsa apa, chifukwa wokhala ndi gasi akhoza kugula chilichonse. Mawuwa ali ndi pogwira. Malamulo a ATP amalola mipikisano ya mlingo wa 250 ndi 500 kulipira akatswiri ndalama pongobwera, kuwonjezera pa mphotho, ndipo dzina la kampani ya mafuta ya ExxonMobil lili pa mpikisanowu poyera. Koma ndalama yokha sifotokoza zonse. Mpikisanowu unayamba gasi asanayambe kugulitsidwa kunja. Zombo zoyamba zonyamula gasiyo zinanyamuka patatha zaka pafupifupi zinayi. Chimene Doha ili nacho choposa ndalama ndi kusadumphitsa chaka. Kuyambira mu Juni 2017 mpaka Januwale 2021, mayiko a Saudi Arabia, United Arab Emirates, Bahrain ndi Egypt anatsekera Qatar malire ndi njira za ndege, koma mpikisano unachitikabe mu 2018, 2019 ndi 2020. Mliri wa Covid-19 utasokoneza ndondomeko ya masewero, unangosuntha mwezi, osalephereka. Eni ake anasankhanso nthawi mwanzeru: poyamba unkachitika sabata yoyamba ya Januwale, kuti osewera a ku Ulaya aimepo popita ku Australian Open, ndipo tsopano uli moyandikana ndi wa ku Dubai, kuti ulendo umodzi ukwanire mipikisano iwiri. Tiyerekeze ndi Johannesburg, mzinda umene suli wosauka. Kumeneko mpikisano wa SA Tennis Open, wa pa bwalo lolimba lomweli, unachitikira ku Montecasino mu 2009, 2010 ndi 2011, kenako n'kuzimirira. Okonda tenesi ku South Africa alipo ambirimbiri, monga zinaonekera mu Febuluwale 2020 pamene anthu 51,954 anadzadza sitediyamu ku Cape Town kudzaonera Federer ndi Nadal. Chimene chinasowa ndi woika ndalama chaka ndi chaka osatopa.

Tsopano tifunse funso limene eni mpikisano sakonda kulimva. Pa zaka zonsezi, kodi ndi mnyamata uti wa ku Qatar amene wafika pa mlingo wa alendo amene amabwera kudzasewera kwawo? Palibe ndi mmodzi yemwe amene analowapo m'gulu la osewera 100 apamwamba padziko lonse. Osewera a kumeneko akamapezeka m'mpikisanowu, amalowa pa malo amene eni ake amaloledwa kupereka mwa chifundo, ndipo ulendo wawo umathera pachiyambi pomwepo. Mkulu wa bungwe la tenesi la dzikolo, Nasser Al-Khelaifi, anasewerapo m'timu ya Qatar ya Davis Cup, koma dziko limamudziwa monga pulezidenti wa timu ya mpira wamiyendo ya Paris Saint-Germain. Wina angati vuto ndi kuchepa kwa anthu, poti eni nthaka ndi ochepa chotero. Koma anthu ochepa omwewo atulutsa akatswiri m'masewero ena. Mutaz Barshim anapata mendulo yagolide pa kudumpha m'mwamba ku Olympics ya ku Tokyo mu 2021, pamene anagawana ulemuwo ndi Gianmarco Tamberi wa ku Italy atadumpha mamita 2.37. Timu ya mpira wamiyendo ya Qatar inatenga chikho cha Asia mu 2019 n'kuchitetezanso kumayambiriro kwa 2024, motsogozedwa ndi Akram Afif ndi Almoez Ali. Onse atatuwa anadutsa ku Aspire Academy, sukulu ya zamasewero imene inatsegulidwa mu 2004, kumene ana amagona, kuphunzira ndi kuchita masewero tsiku ndi tsiku pansi pa aphunzitsi odziwa ntchito. M'dziko lomwelo, ndi ndalama zomwezo, sukulu inabala akatswiri ndipo mpikisano sunabale. Umboni woposa umenewu n'ngovuta kuupeza.

Mbali inayo ya umboni ili pafupi ndi kwathu. Zimbabwe sinakhalepo ndi mpikisano waukulu wa ATP wofanana ndi wa ku Doha, koma inatulutsa Byron Black, Wayne Black ndi mlongo wawo Cara. Bambo wawo, Don Black, amene anasewerapo ku Wimbledon m'ma 1950, anamanga mabwalo a kapinga pakhomo pawo ku Harare, ndipo anawo anakula akumenya mpira tsiku lililonse. Byron anafika pa nambala 1 padziko lonse m'masewero a awiriawiri mu 1994, monganso anachitira Cara pambuyo pake kumbali ya amayi. Wayne, pamodzi ndi mnzake Kevin Ullyett, anatenga US Open mu 2001 ndi Australian Open mu 2005, zonsezo pa bwalo lolimba. Mu 1998 Byron ndi Wayne anagonjetsa Australia pakwawo pomwe, ku Mildura, m'mpikisano wa Davis Cup. Ku South Africa, Kevin Anderson, amene anapambana ku Montecasino mu 2011, anafika mu fainolo ya US Open mu 2017 ndi ya Wimbledon mu 2018, mpikisano wakwawo utafa kalekale. Iye anakhwimira ku yunivesite ya Illinois ku America, monga momwe Byron ndi Wayne anakhwimirira ku yunivesite ya Southern California. Sindikubisa kuti mabanja amenewa anali opezako bwino poyerekeza ndi anansi awo ambiri. Koma zimene chuma chawo chinagula n'zodziwika, ndipo n'zowerengeka: bwalo lapafupi, mphunzitsi wokhazikika, mipira yokwanira, anzawo opikisana nawo, ndi zaka zambiri. M'mera mpoyamba, ndipo tenesi ndi masewero amene munthu akayamba atakula, sawapezanso anzake.

Kutsutsa kwamphamvu koposa kumachokera ku Morocco. Dziko limenelo ndi lokhalo mu Africa limene lili ndi mpikisano wa ATP lero, Grand Prix Hassan II, umene unkachitikira ku Casablanca ndipo tsopano uli ku Marrakech, pa bwalo la dothi. Ndi dziko lomwelonso limene linatulutsa Younes El Aynaoui, Hicham Arazi ndi Karim Alami, amene onse analowa m'gulu la osewera 30 apamwamba. El Aynaoui anatenga chikho cha ku Doha komweko mu 2002, ndipo Alami anadzakhala mkulu woyendetsa mpikisano wa ku Doha. Kodi umenewu si umboni woti mwana akaona akatswiri ndi maso ake amalimba mtima? Ndikuvomera kuti kuona kumadzutsa chilakolako, ndipo ana amene amatola mipira pa bwalo la Khalifa amapita kwawo ndi china chake mumtima. Koma taonani zimene zachitika ku Morocco chipumire atatu aja. Mpikisano ukuchitikabe, ana akuonabe alendo akusewera, koma palibe mnyamata wa kumeneko amene wafika pamene iwo anafika. Zikanakhala kuti mpikisano ndiwo unawabala, bwenzi ukubalabe ena. Chilakolako cha sabata imodzi chimafuna kopita sabata 51 zotsalazo. Wosewera amakwera pang'onopang'ono, kuyambira m'mipikisano ya ana, kudzera m'mipikisano yaing'ono ya bungwe la ITF, kenako ya Challenger, asanafike pa ATP, ndipo pa gawo lililonse amadzilipirira ndege, malo ogona ndi mphunzitsi. Pa chifukwa chimenechi, mipikisano ya Challenger imene inayamba ku Kigali ndi ku Brazzaville mu 2024 ingathandize mnyamata wa mu Africa kuposa mpikisano waukulu umene iye sangathe ngakhale kulowamo.

Nanga ngati subala osewera, mpikisano wa ku Doha uli ndi ntchito yanji? Ntchito yake ilipo, ndipo waigwira. Unali chiyambi cha mndandanda umene unafikitsa Qatar pa Asian Games ya 2006, mpikisano wa dziko lonse wa zothamanga wa 2019 ndi World Cup ya 2022. Unaphunzitsa dzikolo kulandira alendo, kusunga nthawi ndi kukambirana ndi mabungwe akuluakulu a zamasewero. Apa ndi pamene ena amati zonsezi ndi njira yobisira zoipa kuseri kwa masewero, ndipo mawu amenewa sayenera kupeputsidwa. Mabungwe a Amnesty International ndi Human Rights Watch analemba zambiri za antchito obwera amene ankalandidwa mapasipoti, osalipidwa malipiro awo, ndi ena amene anafa popanda kufotokoza bwino chimene chinawapha. Pansi pa dongosolo lotchedwa kafala, wantchito sankatha kusintha ntchito popanda chilolezo cha bwana wake. Mu 2020 boma linachotsa lamulo la chilolezo limenelo, mu Malichi 2021 linakhazikitsa malipiro otsikitsitsa a mariyali 1,000 pamwezi, ndipo limaletsa kugwira ntchito padzuwa kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka hafu pasiti 3 masana m'miyezi yotentha. Mabungwe omwe aja akuti kutsatira malamulowa kukadali kopunduka. Kuweruza kwanga n'koti masewero anaitana maso a dziko lonse, ndipo masowo anaona zabwino ndi zoipa zomwe. Amene anafuna kutchuka analandiranso mafunso. Zimenezi sizichotsa mlandu wa anthu amene anavutika. Zimangotsimikiza kuti mpikisanowu ndi chida cha boma pa nkhani za mbiri ya dziko ndi malonda, ndipo tiziuyeza ndi muyeso umenewo.

Wokonda tenesi amene angakwanitse ulendowu apite, sadzanong'oneza bondo. Bwalo la anthu 7,000 limaika woonera pafupi ndi osewera kuposa mabwalo akuluakulu a ku Melbourne kapena New York, nyengo ya Febuluwale ndi yabwino, ndipo masewero ake ndi apamwamba. Koma pobwerera asatenge phunziro lolakwika. Qatar ili ndi chifukwa chake ndiponso thumba lake lochitira zimene ikuchita, ndipo dziko losauka limene lingayese kuitsanzira lidzangotsala ndi ngongole ndi mipando yopanda anthu. Chimene tingatengeko ku Doha ndi bwalo lenilenilo. Mwa mitundu itatu ya mabwalo a tenesi, lolimba ndilo losavuta kusamalira, silifuna madzi, ndipo likamangidwa bwino limakhala zaka zambiri, n'kumangofuna kupakanso utoto. Kwathu kuno mabwalo otere amapezeka makamaka m'makalabu a m'tauni ndi m'sukulu zowerengeka, kutali ndi mwana wa ku Ndirande kapena ku Kawale. Choncho akuluakulu a zamasewero akadzabwera ndi maloto oitanitsa mayina otchuka, inu awerengi mudzawafunse mafunso atatu: mabwalo otsegukira ana alipo angati, aphunzitsi olipidwa mwezi ndi mwezi alipo angati, ndipo ana a zaka zosakwana 10 amene amagwira raketi sabata iliyonse alipo angati? Akadzalephera kuyankha ndi manambala, ndalamazo zipite kaye ku konkire, mipira ndi aphunzitsi.